Alamu Anga Anayenda pa Nambala Yanga

Kumanda a kwathu kwa Changata kuli mtanda wachitsulo wolembedwa dzina langa. Sindikuseka ayi. Mukalowa cha kumtengo wa mbawa, manda oyamba ndi a mayi anga, oyandikana nawowo ndi anga. Koma amene anagona pansipo ndi alamu anga a Layisoni, amuna awo a achemwali anga a Esinala. Zaka zonse zimene ndinatsala ku Joni, odziwa zimenezi tinali awiri, ine ndi nkhalamba ina yosoka nsapato. Achemwaliwo chaka ndi chaka ankasesa manda a mchimwene wawo, uku akudikira mwamuna amene ankayesa kuti wangotchona.

Ife tinakulira m'tiyi. Mayi ankathyola, achemwali ankathyola, inenso ndinaberekera dengu ndevu zisanamere. Ndipo pa esiteti pali chinthu chimodzi chimene mwana wa m'malaini amachidziwa asanadziwe kulemba: pa sikelo saitana dzina, amaitana nambala. Mnzako akadwala, umamaliza mgwazo wako, n'kutenga dengu lake, n'kukapimitsa masamba pa nambala yake kuti asamulembe kuti wajomba. Ukajomba kawirikawiri nyumba ya kampani amakulanda. Kapitawo ankadziwa, kalaliki wa pa sikelo ankadziwa, onse ankangoyang'ana kumbali poti nawonso anali ndi abale. Achemwali ali ndi pakati pa mwana wawo Mele, ine ndinathyola pa nambala yawo mwezi wathunthu. Palibe ankati kumeneko ndi kuba. Tinkati ndi umunthu, ndipo wokana kuthyolera mnzake tinkamunena kuti ndi mfiti.

Nditakula ndinachoka m'munda n'kukwera thirakitala yotuta masamba kupita nawo ku fakitale, kenako anandipatsa lole. A Layisoni ankayendetsa lole ya nkhuni za bulugamu. Anali munthu wamtali, wosachulutsa mawu, woseka ndi mapewa okha, ndipo ndi iwo anandiphunzitsa kubwerera m'mbuyo ndi ngolo osagwetsa mpanda wa bwana. Matipate atabwera tinavina nawo mpaka fumbi koboo, koma sipanapite nthawi esiteti inayamba kuchepetsa anthu, magalimoto ena n'kugulitsa. Tonse awiri tinapezeka tili pakhonde manja m'thumba, malaisensi akuchita nkhungu m'sutikesi.

Za ku Joni ndinayambitsa ndine. Zimenezi ndizinene poyera, chifukwa alamu analibe mtima woyenda. Iwo ankati tizilima nthochi ndi nandolo pakamunda ka achemwali, Mulungu adzaona. Ine ndinawanyengerera miyezi itatu mpaka analola.

Tsiku lonyamuka kunali chiperoni. Akazi anga a Felesiya anatsala kwawo kwa Nsabwe, ati sangapirire kuona basi ikuchoka. Achemwali ndiwo anatiperekeza mpaka pamsewu pa Makwasa, atasenza kathumba ka chinangwa chophika ndi mapeyala. Basi itatulukira anandikokera pambali.

"Achimwene, awa mwawatenga ndinu. Mudzawabweze ndinu."

"Aaa, achemwali, ndikawadya kodi? Mafupa okhaokhawa?"

Anaseka, nawo alamu mapewa anagwedera. Achemwaliwo ndinawaona pawindo ataima pamvula, chitenje kumutu, mpaka basi inakhota.

Za ulendowo sindinena zambiri: Mwanza, Tete, Zimbabwe yense, kugona pamabenchi a m'maboda, apolisi otambasula dzanja paliponse. Ku Joni sikunatilandire ndi manja awiri ayi. Chaka choyamba ndinkalima maluwa ndi kusambitsa galu wa mzungu. Ine, dalaivala wa lole, kusambitsa galu ndi sopo wonunkhira woti akazi anga sanamugwirepo chibadwire! Alamu ankaponya njerwa kumene ankamanga nyumba zosanja. Tinkagona m'kachisakasa kamalata, bedi limodzi, chitofu chimodzi cha palafini, ndipo nyengo yozizira madzi a m'ndowa ankauma pamwamba. M'tekisi tinkakhala duu, poti ukangotsegula pakamwa amati kwerekwere, dzina lawo lonyozera akunja.

Mpumulo wathu unali kwa a Zuze, nkhalamba ya ku Milanje ku Mozambiki, yosoka nsapato ku lokeshoni ina kutali ndi kwathu. Tinadziwana chifukwa anatimva tikutukwana nsapato yong'ambika m'Chilomwe, iwo n'kutiyankha m'Chilomwe chomwecho. Kuyambira pamenepo Lamulungu tinkathera kumeneko. Akapeza kalongonda kwa anthu ochokera kumudzi ankayamba kumuphika Loweruka, ndiye tinkadya titakhala pamabokosi, kukamba za mvula ya ku Thyolo mpaka mbale kuuma.

Kenako tinamva kuti kampani ina ya malole akuluakulu opita ku Debeni ikufuna madalaivala osadandaula. Osadandaula ndiye ife. Anatiyesa pabwalo, alamu anabweza chilole chachitali m'mbuyo kamodzi n'kamodzi, bwana anangoimba mluzu. Apo moyo unayamba kuoneka ngati moyo. Nyumba ya achemwali inafoleredwa malata, a Felesiya ndinawatumizira makina osokera. Tikakumana pamsewu, wina akutsika wina akukwera, tinkathwanitsirana nyali katatu. Alamu anayamba kulota za kalole kawokawo konyamula nthochi kuchoka ku Thyolo kupita ku Limbe, ati ine ndidzakhala wokweza mikoko poti kuyendetsa sindidziwa.

Koma msewu umenewo unkadya anthu, abale. Ankatilipira pa ulendo, ndiye aliyense ankathamanga kuti abwere msanga atengenso wina. Tulo tinkalimbana nato ndi thaulo lonyowa m'khosi, ena kutafuna tsabola, ena kudzimenya mbama okha. Potsetsereka m'mapiri unkaona zigoba za malole zili gada m'maphompho. Mwezi sunkatha osamva kuti uje wapita.

Ndiye boma la kumeneko linakhala pansi ndi eni malole ndi a inshuwalansi, n'kugwirizana kuti m'lole iliyonse muikidwe makina olondera dalaivala. Anatisonkhanitsa tonse pabwalo la kampani m'mawa wina. Panali bwana wathu, katswiri wa makinawo atavala ovolosi yoyera, ndi mayi wina wa boma woona za pamsewu, wa yunifolomu. Anationetsa kabokosi kakuda koika pansi pa chiwongolero, ndi kiyi wapulasitiki wabuluu, kukula kwake ngati chala chachikulu. Aliyense kiyi wake, nambala yake. Popanda kulowetsa kiyiyo lole sinkalira. Ukathamanga mopyola muyeso kabokosiko kankalira tii-tii-tii mpaka uchepetse. Kankalemba mabuleki ako, kankalemba maola ako, zonse n'kumatumiza ku ofesi. Maola akakwana kankakana kiyi wako mpaka utapuma, nthawi zina masiku awiri athunthu.

Mayi wa boma uja anakweza kiyi m'mwamba. "Kiyi uyu ndi iwe," anatero. "Ukampatsa mnzako n'kuchitika ngozi, mlandu ndi wanu nonse, ndipo wotsala wamoyo akalowa ndende." Anabwereza m'zinenero zitatu kuti pasapezeke wonena kuti sanamve.

Alamu anandigunda ndi chigongono. "Alamu, kapitawo watilondola mpaka kuno."

Dzina linakhala lomwelo. Ngakhale Azulu ndi Mashona, osadziwa n'komwe kuti kapitawo ndi chiyani, ankati kapitawo wanditsekera, kapitawo wandinenera. Poyamba tinkamuda koopsa. Wina anamuphimba ndi sokosi kuti asamasokose, wina anamuthira tiyi, onse anachotsedwa ntchito.

Ndisaname, kapitawoyo ankagwira ntchito yake. Maliro anachepa. Anthu amene tinali titaiwala kugona titavula nsapato tinayambanso kugona. Masiku ano ena akamva nkhani yanga amati makina a azungu ndi amene anapha alamu. Ayi, ine sindingawanamizire makinawo, anawauza kuti akapume. Changa ndi chimodzi chokha: pamene boma ndi mabwana ankasainirana za liwiro ndi maola, palibe anafunsa kuti dalaivala wakunja akadwala zimatha bwanji. Zinkatha chonchi: ukajomba ulendo umodzi, lole yako ankampatsa mmodzi wa anthu amene ankaima pageti m'mawa uliwonse.

Inali nyengo yozizira pamene chibayo chinandigwira. Ndinadzuka thupi lili moto, pachifuwa ngati wina wakhalapo. Ulendo wanga unali wa tsiku lomwelo. Alamu anali atangofika m'mawawo kuchokera ku Debeni, maso ali psuu, kapitawo atawatsekera masiku awiri. Anandiyang'ana, anatenga chikwama chawo, n'kundikweza tekisi mpaka kwa a Zuze, poti kumeneko kunali mbaula ndi munthu wondiyang'anira. Atandigoneka anatambasula dzanja.

"Bweretsani jekete."

M'jekete langalo munali kiyi, laisensi ndi mapepala anga onse.

"Alamu, simunagone inu."

"Ndikagona ku Debeni."

"Nanga zija ananena mayi wa boma?"

"Mayi wa boma akudyetsani? Mwezi uja munathyola pa nambala ya mlongo wanu, munakapempha ku boma?"

A Zuze anati iwo za magalimoto sazidziwa, koma munthu wa maso otere sangamubwereke ngakhale njinga. Tonse tinaseka, ine mpaka kutsokomola. Ndipo ndinavula jeketelo. Palibe anandigwira manja, ndinavula ndekha, ndipo mumtima ndinamva kupepuka kuti ntchito yapulumuka. Chithunzi cha pa laisensi yanga chinali chakuda bii moti wapolisi sakanasiyanitsa, ndipo kwa mlonda wa pageti Amalawi tonse tinali nkhope imodzi. Alamu anavala jeketelo, likuwalekeza pafupi ndi m'zigongono. Pakhomo anatembenuka nati, "Mundisungire kalongonda." Chikwama chawo anachisiya pansi pa bedi.

Masiku awiri ndinali kubwebweta. Tsiku lachitatu, alamu osaoneka, a Zuze anasiya nsapato za eni n'kupita kukafunsa ku kampani. Anabwera dzuwa lili paliwombo. Sanalowe msanga, ndinawamva akusamba m'manja panja nthawi yaitali. Atalowa anakhala pabokosi, chipewa m'manja.

"Mwana wanga, kumeneko akuti wamwalira ndiwe."

Ndiye anafotokoza. Tsiku lomwe lija masana, dzuwa likuwala bwinobwino, pamsewu woongoka, lole inayamba kusiya mbali yake pang'onopang'ono. Kapitawo analemba kuti buleki sinapondedwe n'komwe. Inakagunda kagalimoto m'mene munali mayi ndi mwana wake wamkazi, anthu a konko, ndipo onse anafera pomwepo. Loleyo inanyamula utoto ndi mafuta ake, ndiye unabuka moto wosayandikika. Chimene anachotsamo sichinali choti munthu n'kuyang'ana nkhope. Apolisi anafunsa kampani, kampani inafunsa makina, makina anatchula nambala yanga. A Layisoni palibe ankawafuna, poti pa makinapo ankaoneka kuti akupuma.

Ndinalira, abale, ndinalira mpaka kusanza. A Zuze anandisiya ndilire, kenako anati, "Mawa ndikuperekeza, ukanene."

Ndinavomera. Kutacha ndinati miyendo ilibe mphamvu. Zoona zake n'zakuti ndinkangoona mayi wa boma uja atakweza kiyi m'mwamba. Anthu awiri a dziko la eni afa, ine kwerekwere, ndende ya ku Joni! Komanso ndinkamva mawu a pa Makwasa aja, mudzawabweze ndinu. Ndikanayambira pati? Ndinkati ndidikire mtima ukhale pansi. Ndikudikira choncho, kampani inakhomerera bokosi, inalemba kalata, n'kulipereka kwa anthu onyamula maliro kupita ku Malawi. A Layisoni atapanda kubwera kuntchito mabwana anangoti wathawa, akunja ndi mmene alili.

"Wawabweza ndithu alamu akowo," anatero a Zuze, "koma wawabweza ngati katundu wakuba." Sanandithamangitse, koma kuyambira tsiku limenelo ankandipatsa chakudya osandiyang'ana kumaso.

Nditachira ndinatenga chikwama cha alamu, m'mene munali pasipoti yawo, n'kupita kutali, ku mafamu a mphesa cha ku Kepu, kumene kunalibe munthu wa ku Thyolo. Kumeneko ndinali Layisoni. Ndinadulira mphesa, ndinalondera mageti, ndinatsuka mabasi, koma chiwongolero sindinachigwirenso. Munthu akaitana kuti "Layisoni!" ndinkatembenuka.

Apa ndi pamene ndinachita choipa choposa choyamba chija, ndikuyesa ndikuchita zabwino. Ndinaganiza za achemwali ndi Mele, kuti akufunda chiyani, akuphikira m'chiyani. Ndinagula bulangete lalikulu la chithunzi cha mkango, mapoto ndi nsalu, ndinalemba pamwamba kuti kuchokera kwa Layisoni, n'kupatsa bambo wina wa ku Mzimba amene ankanyamula katundu wa anthu kupita kumudzi. Iyeyo sankatidziwa tonse awiri. Kalata sindinkaikamo, poti achemwali amadziwa kalembedwe kanga. Ndinkatumiza choncho kawiri pachaka, ndipo ndikatumiza ndinkapeza tulo.

Ulendo wina bambo wa ku Mzimba uja anabwera ndi kaseti. "Akazi anu ati mumvere nokha." Ndinabwereka wailesi, ndinapita nayo kumapeto kwa munda wa mphesa Lamulungu masana. Kunayamba kumveka nkhuku, kenako kukhosomola, kenako mawu awo.

"Bambo a Mele, ndine Esinala. Katundu ndikulandira, zikomo. Koma ine sindinakwatiwe ndi bulangete. Ndikudziwa chimene mukuopa. Mukuti ndidzakufunsani za achimwene, kuti munali kuti, bwanji simunaperekeze maliro. Poyamba ndinakwiya, zoona, ndinakutukwanani kumanda komwe anthu akumva. Koma zinatha. Ngozi ndi ngozi. Achimwene tinawaika bwino, bokosi sitinatsegule poti anatiletsa. Mayi sanakhalitse, ankangoti mwana wanga, mwana wanga, mpaka tinawagoneka pambali pawo. A Felesiya tinawasudzula, anakwatiwa ndi kalaliki wina wa pa esiteti. Kuno kunabwera aphunzitsi ena a pa Makwasa, akazi awo anamwalira, munthu wabwino ndithu, amalume anati ndilole. Ndinakana. Ndinati amuna anga ali moyo, onani bulangete ili. Mele watha msinkhu, akufunsa. Bwerani, ngakhale chimanjamanja. Ndatsala ndekha ine."

Ndinaimvera kamodzi kokha. Sabata yotsatira ndinagula kaseti yatsopano kuti ndiyankhe, ndinene zonse. Ndinadina batani, kaseti inazungulira mpaka kumapeto, munangolowa mphepo ndi kupuma kwanga. Khirisimasi itayandikira ndinatumizanso katundu, chifukwa ndinkati ndikasiya adzati amuna awo amva kaseti n'kuwakana. Kalanga ine, munthu wamantha sasowa chifukwa.

Kubwerera sindinafune ndekha. Chinali chaka chija eni dziko anatiukira akunja, kutentha zisakasa, kuthamangitsa anthu ndi zikwanje. Ndinathawira pabwalo la polisi ndi chikwama chokhacho, kenako anatikweza mabasi obwerera kwathu. A Zuze sindinawaonenso, sindikudziwa ngati anapulumuka. Titaoloka pa Mwanza anzanga anayamba nyimbo za kutchalitchi, ine ndinkalakalaka basiyo itafera panjira.

Ndinatsika pa Makwasa m'mawa, n'kuyenda wapansi kudutsa m'minda ya tiyi. Othyola ankangondiyang'ana ngati mkulu wina aliyense wa imvi wodutsa. Koma nditafika pamudzi, mayi wina wachikulire amene ankapeta pakhonde anandizindikira. Anaponya lichero n'kukuwa, "Ndondocha! Mayo ine, ndondocha!" Anthu anabalalika. Kwathu amati mfiti ikapha munthu imamuukitsa n'kumudula lilime kuti aziigwirira ntchito, ndiye ankayesa ndine wotero.

Achemwali okha ndiwo sanathawe. Anatulukira kuseri kwa nyumba khasu lili m'manja, atakalamba, ataonda, n'kuima chapatali.

"Ngati ndinu achimwene, tulutsani lilime."

Ndinatulutsa, bambo wamkulu ndi imvi zanga, pakati pa bwalo.

"Yankhulani."

"Achemwali, ndine."

Khasu linagwa. Anandithamangira, anandigwira kumaso, m'makutu, m'mapewa, akulira ndi kuseka nthawi imodzi, akuitana Mele kuti bwera udzaone, amalume ako auka. Chimwemwe chimenecho chimandipweteka kuposa zonse, chifukwa ndinachisiya chipitirire. Anandiyalira mkeka, anathamangira madzi akumwa. Pobwera ndi kapu ndi pamene anaona chikwama chili pambali panga. Anachidziwa, poti chigamba cha palamba anasoka ndi iwo. Anayang'ana kunjira ngati kuti wina akubwera m'mbuyo.

"Nanga alamu anu atsalira pati?"

Ndinangoyang'ana chikwamacho. Anaika kapu pansi bwinobwino osataya dontho. Achemwali si munthu wopusa ayi.

"Ngati inu muli pano, ndakhala ndikusesa manda a yani?"

Ndinagwada n'kufotokoza zonse, za kapitawo, za chibayo, za jekete. Sanandidule mawu. Nditafika pa za kiyi anagwedeza mutu pang'ono.

"Pamenepo palibe mlandu," anatero. "Akanakana kukuyenderani ndikanawada. Ndi mmene timachitira."

Mtima wanga unayamba kutsika. Kenako anafunsa, mawu ali pansipansi.

"Nanga mabulangete ankatumiza ndani?"

"Ndine."

"Kaseti ija anamvera ndani?"

"Ndine, achemwali."

Analowa m'nyumba. Ndinamva akukoka zinthu. Anatulutsa mabulangete, mapoto, nsalu zina zosasokedwa n'komwe, n'kumaunjika patsogolo panga chimodzichimodzi, mwaulemu, osaponya. Atamaliza anatola chikwama cha amuna awo n'kuchikumbatira. Ndi pamene analira, kulira kwa maliro atsopano, moti anthu amene anathawa aja anayamba kubwera okha, azimayi atafunda zitenje.

A Felesiya anabwera nawo kudzakhuza, ali ndi mwana kumbuyo. Anandipatsa moni atagwada patali, n'kufunsa ngati makina osokera aja ndikuwafuna. Ndinati ayi.

Patapita masiku, akuluakulu a mbumba atakamba nkhaniyo, tinapita kumanda ndi adzukulu. Ine ndinali nditagula kachitini ka penti kuti tifute dzina langa, tilembe la alamu. Nditangogwada pamtandapo, achemwali anandigwira dzanja.

"Lisiyeni. Dzina la amuna anga ndidzazika mtanda wina pambalipo ndekha."

"Achemwali, dzinali ndi langa. Ine ndili moyo."

"Mchimwene wanga ndinamulira kale, ndinameta, ndinamaliza. Sindingamulire kawiri. Inu bambo, pitani bwino."

Tsopano ndimakhala m'malaini a esiteti ina kutsidya kwa Makwasa, ndinabwerera ku dengu. Pa sikelo amaitana nambala, ndipo ine zimandikomera choncho. Mele akakumana nane pamsika amandipatsa moni waulemu, mayi ake amaoloka msewu. Mwezi watha ndinazemba n'kupita kumandako, ngakhale kwathu munthu salowa kumanda yekha. Pali mitanda iwiri pamanda amodzi, posesedwa bwino. Wa alamu ndi watsopano. Wanga unayamba dzimbiri, koma dzinalo wina analibwereza ndi penti yoyera, chilembo chilichonse.